Njinga ya Amuna Anga Imadontha Lamlungu Lokha

Aphungu,

Nkhani yanga ndi ya dontho la oyilo, koma musaseke chifukwa landisowetsa mtendere. Ndikufuna kudziwa ngati njinga yamoto yongoima, yosalizidwa, ingamadonthe tsiku limodzi lokha pa sabata.

Amuna anga a Tauno ali ndi njinga yakalekale ya ku England, zija zolizira ndi mwendo. Anaigula tisanakwatirane, ndipo ine ndimaitchula kuti mkazi mnzanga chifukwa m'nyengo yotentha amacheza nayo kuposa ine. Chaka chilichonse nyengo yozizira ya chipale chofewa ikayandikira amaitsuka, kuthira oyilo watsopano, kutseka paipi ya utsi ndi kansanza kuti mbewa zisalowemo, n'kuifunditsa bulangete. Imagona choncho mpaka Meyi.

Mu Okutobala anawachita opaleshoni ya mtima. Adokotala ananena mosapita m'mbali kuti asanyamule zolemera, ndipo atamva za njingayo anati kuiliza ndi mwendo kuja aiwale kaye mpaka adzawaonenso. Mwana wathu Outi, amene amakhala mumzinda wa Oulu, anali pomwepo, ndipo iyeyu sanyengerera munthu. Anati, "Bambo, ndikangomva kuti mwailiza ngakhale kamodzi, njingayo ndigulitsa ndipo nonse awiri mubwera kutauni. Ine sindingamagone ndi foni m'manja chifukwa cha chitsulo." Bambo akewo anati, "Kutauniko ndizikatani? Kukhala pawindo n'kumawerenga mabasi?" Komabe analonjeza, ndipo chikwatiranireni sanandinamizepo pa chinthu chachikulu.

Zaka zonsezi njingayi imagona m'khola lakale la ng'ombe, kumtunda kwa bwalo lathu. Chaka chino sakanatha kuikankha pachitundapo, ndiye mnansi wathu a Lassi anangoilowetsa pafupi, m'kachipinda ka nkhuni kophatikana ndi sauna yathu, kanyumba komwe timasamba nthunzi ya madzi othira pamiyala yotentha, n'kuika chikatoni pansi pake.

Lamlungu lina mu Disembala ndinapita kukatenga nkhuni, ndipo ndinaona dontho lakuda pachikatonipo. Ndinasintha chikatonicho. Sabata yonse chinali chouma, ngakhale Loweruka m'mawa. Lamlungu ndinapezanso dontho, pamalo omwewo. Zakhala choncho mpaka lero, ndipo tsopano ndimapita kukachipindako m'mawa uliwonse ngati ndikukazonda wodwala.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi ichi. Loweruka ndi tsiku limene ndimapita kutauni kukagula zinthu ndi kukaona mkulu wanga kunyumba ya okalamba. A Tauno amatsala okha kuti akoleze moto m'sauna. Ndikabwera ndimapeza miyala yatentha kale, madzi ali okonzeka, koma manja awo akununkha oyilo.

Ndinawafunsa tikumwa khofi. Ndinati, "Tauno, manjawa akununkha chiyani?" Anati, "Akununkha mwamuna wako." Ndinati, "Nanga mkazi mnzangayo akudontheranji?" Anati, "Ndi nkhalamba, Sirkka. Nkhalamba zimadontha. Ufuna ndikuuzenso za ine?" Ndinati, "Ndiye nkhalambayo imadziwa kalendala? Lamlungu lokha, ngati ikupereka chopereka kutchalitchi?" Anaseka mpaka kutsamwa ndi banzi, koma funso langa sanayankhe.

Ndafufuza mmene ndingathere. Pachipale palibe mapazi a matayala, ndiye sakutuluka nayo. Kansanza kali m'paipi momwe, ndipo ndi koyera, koma munthu akhoza kukachotsa n'kukabwezeranso. A Lassi ndinawafunsa ngati amamva phokoso, iwo anati, "Loweruka ine ndimakhala panyanja yowundana, kuwedza nsomba pakabowo kanga pa ayezi. Komanso za m'banja mwa eni ine ndimakhala gonthi." Amunawa amabisirana, ndikudziwa.

Maganizo anga ndi akuti mwina akumailiza m'kachipindamo atatseka chitseko kuti isamveke. Ndikaganiza za mwendo ukugunda chitsulo chija, utsi uli tho, ndi mtima wosokedwa dzulodzuloli, ndimachita mantha kwambiri. Koma mbali ina ndikungofunitsitsa kudziwa, chifukwa nkhopeyo ndimaidziwa ndipo sikuoneka ya munthu wonama.

Outi amaimba foni Lamlungu lililonse n'kufunsa kuti, "Amayi, akumvera?" Ndimayankha kuti inde, koma mumtima ndikukayika. Ndikamuuza za donthali sadikira umboni, abwera ndi galimoto, ndipo nyumba ino tiisiya. Ndikakhala chete, mwina tsiku lina ndidzawapeza atagwa pa nkhuni. Aphungu, kodi oyilo angatuluke yekha m'njinga yogona? Ndimuuze mwanayu kapena ndidikire?

S.K., Kuhmo

Mayi S.K.,

Foni ija isiyeni kaye pathebulo. Inde, njinga yongoima imadontha, ndipo kalata yanu ili ndi yankho lomwe inu mwalidutsa mukuthamangira kukanunkhiza manja a bambo. Mwati chaka chino njingayo yagona kuseri kwa khoma la sauna. Mwatinso sauna mumakoleza Loweruka. Mlandu mwaupereka kwa amuna anu, koma Loweruka limenelo pabwalo panu pamachitika zinthu ziwiri, ndipo chachiwiricho ndi moto.

Kukazizira ngati mmene kumazizirira kwanuko, oyilo amalimba ngati uchi wokhalitsa ndipo sayenda. Malabala ndi magasiketi otsekera oyilo nawonso amauma n'kufupika, makamaka akale, ndiye pamatsala timipata. Mkati mwa sabata timipatato tilipo koma oyilo sangadutse. Loweruka khoma likatentha, kachipindako kamafunda, oyilo amasungunuka n'kupeza njira yotseguka kale. Khomalo limasunga kutentha mpaka mawa lake, ndiye dontho mumalipeza Lamlungu. M'khola la ng'ombe muja munali mozizira kuyambira Novembala mpaka Epulo, n'chifukwa chake simunaonepo zimenezi.

Palinso khalidwe la njinga zambiri zakale za ku England. Oyilo wake amakhala m'kathanki kake pamwamba, ndipo ikaima miyezi amatsetsereka pang'onopang'ono n'kukadzaza pansi pa injini, pomwe sayenera kuchuluka choncho. Akadzaza amafuna potulukira.

Njingayo sindinaione, ndiye sindilumbira. Koma mukhoza kuyesa nokha, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Sindikuuzani kuti mudumphe sauna Loweruka limodzi, chifukwa ndikudziwa kuti ku Kuhmo munthu angalole kusala chakudya koma osati zimenezo. M'malo mwake wonjezerani ina. Kolezani Lachitatu, tsiku lomwe simuchoka pakhomo, bamboyo ali pamaso panu tsiku lonse. Ikani chikatoni chatsopano. Lachinayi m'mawa mukapeza dontho, ndiye kuti wolakwa ndi khoma.

Musanakoleze motowo, gwadani mununkhize donthalo komanso pansi pa thanki. Mukamva fungo la petulo, zoyesazo zilekeni ndipo musayatse ngakhale machesi mpaka njingayo itatuluka. Onetsetsani kuti kampopi ka petulo n'kotseka. Petulo, nkhuni zouma ndi khoma lotentha zikakumana, nyumba idzapsa ndipo kutauni mudzapita nokha popanda Outi kukukakamizani.

Ngati ndi oyilo basi, pezani pomwe akuchokera. Pukutani injini yonse ndi nsanza mpaka iume, kenako muiwaze paudala wa ana kapena ufa wophikira buledi, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Oyilo akatuluka adzasiya kanjira kakuda pa ufawo. Musakhulupirire malo omwe dontho likugwera, chifukwa oyilo amatsetsereka ndi chitsulo n'kukagwera pamalo otsikitsitsa. Tsatirani kanjirako chokwera mpaka pomwe kayambira. Onaninso malo ake pachikatoni. La pansi pa injini ndi la injini, koma likakhala pafupi ndi tayala lakutsogolo ndiye likuchokera m'miyendo iwiri yogwira tayalalo, ndipo imeneyo ndi nkhani ina.

Mukapapeza, palembeni ndi choko n'kusiya. Musalole bambowo kumanga mabawuti m'chisanu muno poganiza kuti atseka, chifukwa chitsulo chofewa cha injini chimaonongeka mazinga, ndipo kadontho kamasanduka ntchito yaikulu. Akaona kuti oyilo watsika m'kathanki asathiremo wina, chifukwa sanathe, wangotsikira pansi. Pofika Meyi ayambe akhuthula wa pansiyo asanailize. Zosintha malabala zidikire kufunde.

Zoyesazo zikatha, a Lassi aleke kaye nsomba tsiku limodzi, aitane mnzawo, aikankhire kukhola kuja. Kufunda ndi kuzizira kwa sabata ndi sabata kumachititsa thukuta m'kati mwa injini ndi m'thanki, ndipo dzimbiri lake limaononga kuposa donthalo. A Tauno aziyang'anira ndi pakamwa pokha, manja ali m'thumba.

Zonsezi musachite mozemba. Auzeni kuti, "Ndikufuna tidziwe pomwe ikudonthera, tandithandiza." Munthu wa njinga ukamupempha nzeru za njinga yake amalankhula mpaka khofi kuzizira. Mukapeza Lachinayi chikatoni chili chouma, pamenepo khalani nawo pansi, ndipo musayambe ndi oyilo kapena kalendala. Auzeni zomwe mwandiuza ine, kuti mukuopa kudzawapeza atagwa. Mwa zonse zomwe mwawafunsa, chimenecho chokha simunanene. Akadzavomera kuti akhala akuiliza, muuzeni Outi muli limodzi, ndipo adokotala adziwenso.

Za manja onunkha oyilo, ine sizinandidabwitse ngati inu. Moto wa sauna umafuna kudikirira, ndipo njingayo ili kuseri kwa chitseko. Ndikuganiza kuti amavundukula bulangete, kupukuta apa ndi apo, n'kukhala nayo pang'ono. Adokotala sanaletse zimenezo. Mwina sanakuyankheni chifukwa amuna ena zimawavuta kunena kuti achita mantha. Munthu amene wangotsegulidwa chifuwa amakhala ndi funso lomwe safuna kufunsa mokweza, loti kaya nyengo yotentha ikubwerayi aiona.

Chenjezo langa ndi lakuti musamupatse mwana wanu mlandu womwe inu simunauzenge. Iye akulankhula chifukwa cha chikondi, koma ali kutali, ndipo dontho limodzi kwa iye likwanira kupakira katundu. Mukalakwitsa apa simungabweze nyumbayo, ndipo amuna anu adzadziwa kuti anasunga lonjezo koma simunawakhulupirire. Bambo amene akupukuta njinga mu Januwale watsimikiza mumtima mwake kuti Meyi adzakhala ali moyo. Musamulande maganizo amenewo popanda umboni.

Aphungu