Lachisanu la Zolakwa

Lolemba, 4 Marichi

Kufakitale kwabwera mlangizi. Jekete yothina, mafuta ake kununkhira mpaka kumakina a kumbuyo. Atiimitsa ntchito maola awiri kuti atiuze zoti munthu amakula akamalakwitsa, ndipo palibe chimene sitingaphunzire titangofuna. Ine zaka zisanu ndi zitatu ndikusoka makolala a mayunifolomu, makolala okhaokha. Ndikapempha kuphunzira kudula nsalu, abwana amangoti tiona. Lero ndiye ndimve kwa munthu wosadziwa n'kulowetsa ulusi pasingano komwe kuti vuto lili m'mutu mwanga. Mxii!

Lamulo latsopano: Lachisanu lililonse wina aziimirira n'kunena chimene walakwitsa, enafe tiziwomba m'manja.

Lachisanu, 8 Marichi

Ayamba ndi abwana. Cholakwa chawo akuti amakonda ntchito mopitirira muyezo, mpaka amaiwala kudya. Ndi mimba imene ija! Tawomba m'manja. Wa mabatani, amene amakhala pafupi nane, wawomba mpaka kuimirira. Nseru.

Lachitatu, 13 Marichi

Pa nthawi yopuma a Sizasi anandikodola. Ndiwo amadula nsalu zonse pano, anayamba ine ndikadali pasukulu, moti dzina lawo lenileni ambiri tinaliiwala. Anandionetsa mikono ya malaya khumi ndi iwiri, yonse yaifupi. Akuti mzere wa choko sakuuonanso bwino, makamaka pa nsalu yakuda.

"Ndiibise, mwananga?"

Ine ndi nzeru zangazi ndati ayi bambo, mukanene Lachisanu. Akugulirani magalasi, akuikirani babu lowala pamwamba pa tebulo, mwinanso akupatsani wokuthandizani.

Apa ndilembe zoona poti bukuli saliwerenga wina: wothandizayo ndimaganiza ndikhala ine.

Lachisanu, 15 Marichi

A Sizasi anenadi. Chipewa m'manja. Mlangizi anawakumbatira, akuti kulimba mtima ndi kumeneku, n'kuwajambula ndi foni. Abwana ankalemba m'kabuku kawo. Ine ndimati akulemba za magalasi.

Lolemba, 18 Marichi

A Sizasi alandira kalata. Akuti akapume chifukwa cha thanzi. Zaka makumi atatu, envelopu imodzi.

Anadutsa pamakina anga atanyamula kapu yawo ndi kawailesi m'jumbo, osandiyang'ana. Ine maso pakolala, kuponda makina ngati ndatanganidwa. Masana omwewo chithunzi chawo chija achimata pakhomo lolowera, pansi pake alemba kuti Tiphunzire pa Zolakwa Zathu. Munthu mwamuchotsa, nkhope yake mwaisiya izikugwirirani ntchito. Anthu awa alibe manyazi.

Koma amene anawagwiritsa fuwa la moto ndine.

Lachiwiri, 19 Marichi

Abwana andiitana muofesi. "Mayi, inu ndiye muli ndi mtima wofuna kukula. Tebulo lodulira lija ndi lanu."

Ndafunsa kuti wondiphunzitsa ndani. Akuti pafoni pali mavidiyo ambirimbiri, munthu wofuna sasowa njira. Malovu anadzaza m'kamwa, ndimafuna kulavula pakapeti pawo pomwepo. M'malo mwake ndati zikomo bwana, mpaka kupinda mawondo. Ine amene!

Bambo a ana akuti tisangalale, mwayi sudziwa kuti wachokera kwa yani. Ndawasiya akudya okha.

Lachinayi, 21 Marichi

Ndalakwitsa. Misana ya malaya isanu ndi umodzi, yonse yakhotera mbali imodzi, chonsecho choko ndinatsata bwinobwino. Chifukwa chake sindikuchidziwa, ndipo wofunsa palibe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndaikulunga n'kuikankhira m'chikwama, pansi pa ambulera. Mlonda wa pageti sanasecheko. Taonani, tsopano ndine wakuba nsalu.

Lachisanu, 22 Marichi

Wa mabatani akuti cholakwa chake n'chakuti amafika m'mawa kwambiri. M'manja! Aliyense waphunziradi.

Loweruka, 23 Marichi

Ndinapita kwa a Sizasi. Ndinadutsa pageti pawo kawiri ndisanagogode. Anatsegula ndi akazi awo, moni osandipatsa.

"Mwadzatenga chiyaninso? Tebulo simunatenge kale?"

Sananame. Anandilozera kuseri ndi chibwano.

A Sizasi anali pakhonde, atavala malaya ositasita ngati akupita kuntchito. Ndinagwada n'kuyamba kupepesa, mawu onse amene ndinakonza m'njira. Anandidula.

"Zimenezo zisiye, sizindibwezera pantchito. Chimene wakumbatira m'chikwamamo n'chiyani?"

Ndinatulutsa msana umodzi. Sanauyang'ane n'komwe. Anangoyendetsa chala m'mphepete, kuyambira paphewa mpaka pansi.

"Unakoka nsalu podula. Nsalu sakoka, amaigoneka, izipuma yokha." Anandibwezera nsaluyo. "Wina wadziwa?"

"Ayi, bambo."

"Asadziwe."

Kenaka anaitana akazi awo kuti achotse mbale patebulo, abweretsenso katani yakale ija ya kuchipinda. Mayiwo anabwera nayo akung'ung'udza, n'kuiponya patsogolo panga. A Sizasi anatulutsa sizasi yawoyawo m'kabati, chogwirira chake chokulungidwa ndi kansanza, n'kundipatsa. Ndinafunsa kuti aona bwanji ngati ndikukhoza, poti maso akuvuta.

Anakokera mpando pafupi ndi tebulo, n'kutsinzina.

"Dula ndimve."