Makina Ofiira ndi Tsiku Lanu Lobadwa

Muak Lek
Disembala

Okondedwa achimwene a Prayong,

Ndikhulupirira muli bwino ku Taiwan komweko, ndipo msana uja wasiya kukuvutani. Kuno tonse tilipo. Amayi ali bwino, kungoti bondo lija likawagwira m'mawa amakalipira nkhuku. Mwana wanga Fon akuti musaiwale nsapato zija. Ng'ombe zanu zinayi zikutulutsa mkaka bwinobwino, ndipo imodzi ija mumaitcha Duang yabereka kamwana kakakazi kokongola zedi.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wakale pomwe foni ilipo. Ndikangoti ndiyankhule nanu, alamu anu a Boonchuay amabwera kudzaima kumbuyo kwanga ngati akufunafuna kapu. Nkhani iyi si yoti aimve. Kalatayi ndapatsira a Chalao amene akubwerera kumeneko mawa, ndipo chonde muiwerenge Lamulungu lisanafike.

Mukudziwa mmene tinavutikira chaka chatha. Anthu aganyu omanga mabelo anabwera mochedwa, mapesi a mpunga onse n'kuolera m'madzi. Ndiye chaka chino tinati tigule makina athuathu omangira mabelo, ogwiritsidwapo kale ntchito. A Samruay, aneba athu olima mpunga aja, atipatsa mapesi a m'minda yawo yonse, koma anenetsa kuti mwezi ukatha madzi atsegulidwa m'ngalande ndipo iwo alima, kaya tachotsa kaya sitinachotse. Tikapanda kumanga mapesi amenewo, nyengo yotentha ng'ombe zidya chiyani? Tigulitsa basi. Ndipo zoyamba kukwera lole ndi zanu, chifukwa alamu anu akuti ndi zimene zili ndi mimba zikuluzikulu.

Tinapita ku Lopburi kwa a Heng, aja amaitanitsa makina akale kuchokera ku Japan. Analipo awiri. Ena anali ofiira, osuluka, onyansa ndithu. Ine ndinachita monga munandiuzira. Ndinazunguza chiwilo chachikulu chija ndi manja, sichinalire. Ndinapisa dzanja mkati kufuna dzimbiri, ndinayang'ana tizala tomanga mfundo tija. Kenako ndinati awalize tione. Abale, mabelo ankangotuluka, a makona anayi, olimba gwa, mfundo zonse zili m'malo. Lina ndinaliponya pansi n'kulimenya theche, osamasuka. Ndipo kathirakitala kathu kakanawakoka popanda kudandaula.

Nditacheuka kuti ndiwauze alamu anu kuti tapeza, ndinawaona ataima patali ngati pali galu woluma. Ati kodi ndaiwala kuti iwo anabadwa Lolemba? Paja kwathu kuno amati tsiku lililonse lobadwa lili ndi mtundu wake wamwayi ndi watsoka. Ati munthu wa Lolemba ndi chinthu chofiira n'kudziitanira tsoka, ati kodi ndikufuna ndikhale wamasiye ndili wamng'ono chonchi? Ndinawauza kuti ung'ono wanga unatha kalekale, anaumaliza ndi iwo omwe.

Pambali pake panali chimakina china chobiriwira, chachikulu, chonyezimira ngati mbale yatsopano. A Heng anati chimenecho chimameza munda wonse munthu asanamalize kudya mpunga wake. Nditati achilize, anati pepani chingwe chatha, komanso mapesi onse tamalizira pa ofiira aja. Mukudziwa mmene alamu anu anachiyesera? Anachigogoda ndi chala n'kutchera khutu, ngati akugula chivwende. Ati chikumveka chathanzi.

Ndinalankhula mpaka kukhosi kuuma. Tinabwera nacho chobiriwiracho.

Tinadzera kukachisi, amonke achibuda anachidontheza ufa woyera n'kuchiwaza madzi. Alamu anu anachiveka maluwa ochuluka kuposa amene anandiveka ine pa ukwati. Tsiku loyamba mudzi wonse unabwera kudzaonerera. Kathirakitala kathu kanafuka utsi wakuda bii, kakubuula. Chimakina chinameza mapesi kutsogolo, n'kuwalavula kumbuyo ali balala, monga analowera. Belo limodzi lokha ndi limene linatuluka lomangidwa, mbali imodzi, lopindika ngati nthochi. A Samruay anavula chipewa n'kunena kuti chibadwire sanaonepo makina odula chonchi ongosamutsa mapesi kuchoka kutsogolo kupita kumbuyo. Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ine manyazi anandigwira, ndinalakalaka nditalowa pansi.

Mawa lake potuluka pageti, chimakina chija chinakhula pamtengo, penti n'kusupuka. Achimwene, pansi pake panali pofiira psuu! A Heng anangopaka zobiriwira pamwamba.

Ine ndimati alamu anu akomoka. Ayi ndithu, nkhope inawala. Ati waona mayi a Fon, ndinanena ine! Ati vuto si kutha kwa tizala take tomanga mfundo ayi, vuto ndi mtundu, chinthuchi chandizindikira kuti ndine wa Lolemba. Ndinawauza kuti ngati ndi choncho tikatenge ofiira abwino aja, timatepo kapepala kolembedwa kuti makina awa ndi obiriwira, monga amachitira anthu pa magalimoto awo. Anandiyang'ana ngati ndapenga. Ati ngati penti yonseyi yalephera kupusitsa tsoka, kapepala kangathe?

Apa mtima unandipsa. Ndinapempha lole ya kukopaletivi, tinachikweza chimakinacho, ine ndekha ulendo wa ku Lopburi. Ndinapeza a Heng ali ndi ogula ena. Ndinatulutsa supuni m'chikwama n'kuyamba kupala penti pamaso pa onse, ndikufunsa mokweza kuti kodi ndi makina ati ena amene avekedwa malaya atsopano pano. A Heng ankangoti mlongo wanga, mlongo wanga, tsitsani mawu, imwani kaye madzi ozizira. Ndinati madzi tili nawo kwathu, akubwera m'ngalande mwezi ukatha. Dzuwa lisanapendeke ndinali ndikubwerera ndi ofiira aja.

Kufika pakhomo, alamu anu anatseka geti n'kuimapo. Ati chinthu chimenecho sichilowa pano iwo ali moyo. Ndinati ndi changa, ine ndine wa Lachitatu. Ati cha mkazi ndi cha mwamuna yemwe, tsoka silipusa. Woyendetsa lole akuliza hutala, anthu ayamba kusonkhana, ine mutu waima.

Ndiye pakamwa panga panangotseguka pokha. Ndinati makinawa si anga, si anu, ndi a achimwene a Prayong, ndi amene andituma, ndipo iwo anabadwa Lamulungu, zofiira ndiye mtundu wawo weniweni.

Alamu anu anayang'ananso makina aja. Kenako ati aaa, bwanji osanena kale? Ati ngati mwini wake ndi wa Lamulungu ndiye kuti iwo ndi dalaivala chabe, tsoka silifunsa za dalaivala. Anatsegula geti okha, akumwetulira.

Mmene ndikulemba pano tamanga theka la minda ya a Samruay. Makina aja sanaphonye mfundo olo imodzi. Alamu anu amawapukuta madzulo aliwonse, ndipo akuuza mudzi wonse kuti iwo anawazindikira tsiku loyamba lomwe kuti ndi abwino.

Tsono vuto ndi ili. Ndikudzitama kukhitchini ndi nzeru yangayo, amayi anandiyang'ana n'kunena kuti Prayong anabadwa Lolemba m'mawa kutacha, akukumbukira bwino chifukwa malemu abambo anali ku msika wa ng'ombe. Mayo ine! Inu ndi alamu anu tsiku limodzi! Ine ndimangoganiza kuti mwina ndi Lachisanu kapena Loweruka, sindinafunsepo.

Ndinawagwadira amayi. Ati iwo pa msinkhu wawo sanganame, analonjeza kukachisi. Koma ati makutu awo ndi okalamba, amamva zimene akufuna. Dzulo alamu anu anawafunsa za tsiku lanu lobadwa, iwo anayankha kuti tsabola ali m'botolo pawindo. Anafunsanso mokweza, iwo ati eya, mvula ichedwa chaka chino.

Ndiye alamu anu ati akuimbirani foni Lamulungu likubwerali kuti akuthokozeni, ndiponso amve kuchokera pakamwa panu. Ndikuwadziwa ine. Akangomva mawu oti Lolemba, makina aja aima pomwepo pakati pa munda, ndipo palibe wina woyendetsa thirakitala pakhomo pano. Madzi abwera, theka la mapesi liola, Duang ndi kamwana kake akwera lole.

Chonde achimwene, ndagwira mwendo wanu. Makina ndi anu, munandituma ndinu, ndipo munabadwa Lamulungu. Akayamba kukuthokozani, ingovomerani. Mabelo akalowa m'shedi mudzabwerere ku Lolemba lanu.

Mwina mukuti nanga ine wa Lolemba mwandipachika chinthu chofiira, tsokalo ligwera ndani? Mukundidziwa, zamitundumitunduzi ndimaziseka. Koma nditakumbukira kuti mumagwira ntchito pamwamba pa nyumba zitalizitali zija, mtima unakana kukhala pansi. Ndinapita kumsika, ndinagula kapepala kaja, ndinakwawira pansi pa makina pomwe alamu anu sayang'ana, n'kukamata bwinobwino. Kalembedwa kuti makina awa ndi obiriwira. Ndinamata tiwiri, mwina kamodzi kangamatuke. Komabe lamba wachitetezo uja muzimanga mukakwera.

Mundiperekere moni kwa anzanu onse a kwathu kuno amene muli nawo. Amayi akuti muzidya mokwanira, ndipo akutumizirani nsomba zouma kudzera kwa a Chalao. Madalitso akhale nanu, mubwere muli wathunthu mudzaone makina anu.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Lamduan