Majini a mu Yisiti

Mbizo, Kwekwe
14 Julaye 2008

Okondedwa achemwali Bernadetta,

Ndikhulupirira muli bwino ku yunivesiteko ndi tizilombo tanu ta m'mabotolo. Kuno kukuzizira, magetsi amabwera akafuna okha, ndipo m'masitolo mwatsala mashelefu basi.

Mabanzi aja ndikuphikabe, ndiwo akutidyetsa chitsekereni ntchito ya alamu anu a Nikodemo. Ufa amandibweretsera Noria, mnzanga wopita ku Botswana uja, koma shuga wasoweratu. Ndiye ndinakumbuka zimene munandiuza pa Khirisimasi, zoti yisiti ikazolowera shuga imatseka njira zina zonse zodyera, ndipo shuga akatha imayamba yakhala duu, kenako majini ake ena, aja mumati ma genes pa Chingerezi, amatseguka n'kuyamba kudya zotsekemera za mu chimera. Munati, "Usaitaye, siinafe." Ndinakanda ufa womaliza ndi chimera cha thobwa, n'kufunditsa.

Ufawo sunafufume, achemwali. Dzuwa linafika pamutu uli gwa ngati dothi. A Nikodemo anavundukula nsalu, n'kuti, "Yafa iyi. Tidya chiyani manje?"

Ine ndi kamwa langali ndinati, "Dikirani bambo, majini ake sanadzuke."

Mukuwadziwa alamu anu ndi tchalitchi chawo. Anabwerera m'mbuyo maso ali tong'o. "Majini? Mumba mangu, m'nyumba mwanga muno? Ndiye zimene akukuphunzitsa mkulu wako ku Joni?" Ndinayesa kufotokoza kuti si majini a mizimu, ndi a sukulu, koma ine mwini ndimawadziwa pati? Ndinangozinga, ndipo kuzingako kunandipereka. Anati sadya chakudya cha ziwanda, bola akakumbe golide. Anatenga chitsulo ndi tochi n'kutsatira makorokoza, anyamata olowa m'migodi yakale yosiyidwa ija, munthu amene chifuwa chake mukuchidziwa.

Atangopita, madzulo asanakwane, ufa unafufuma mpaka kusefukira m'beseni. Ndinaphika ndikulira. Mabanzi anatha onse pa siteji ya makombi, anthu akulimbirana, wina mpaka kufunsa kumene ndapeza shuga.

Sabata yatha mgodi wina unagumuka cha ku Silobela. A Nikodemo sanabwerebe mpaka lero. Anzawo amene anapita nawo abwerako, koma ndikawafunsa amayang'ana kumbali, ati anasiyana panjira. Sindikukuimbani mlandu, ngakhale tsiku loyamba ndinakutukwanani mumtima, ndisaname. Ndili ndi mantha, achemwali. Chimene ndikupempha n'chakuti mundilembere m'Chichewa chomveka, majini amenewa n'chiyani kwenikweni, kuti akabwera ndidzawawerengere bwinobwino osazinga.

Amayi akuti moni, miyendo ikuwavutabe. Rutendo akuti moni kwa amayi aakulu, wayamba kuwerenga yekha. Moni wa a Nikodemo ndasiya malo pansipa, adzalemba okha. Kalatayi ndiyamba ndaisunga mpaka Lachisanu. Mukailandira malowo ali osalembedwa, muyambe kufunsa za mabasi obwera kuno.

Ine mng'ono wanu,
Estere