Sanda ya Abambo Ako ndi Bawo la Che Atumani

Wokondedwa mwana wanga Shafi,

Salaam aleikum. Muli bwanji ku Joniko ndi mkazi wako Ajira? Kuno ku Makanjira tikudzuka, Alhamdulillah. Abambo ako nawo ayamba kudzuka, koma mwaukali.

Matenda awo a mtima uwadziwa. Miyendo inatupa ngati mitondo, kugona chokhala, kuchoka pakhonde kufika kubafa wefuwefu. Mankhwala anaphwetsa miyendo, koma munthu anangoti ndwii, osadya, osaseka. Ngakhale kundikalipira chifukwa cha ndiwo zopanda mchere anasiya. Pamenepo ndiye ndinachita mantha. Adokotala anati kukhumudwa kotereku nakonso ndi matenda, tiziwachezetsa.

Odzazonda ndiwo anatimaliza. Aliyense akati pepani, ankatchula malemu wina amene anatupa chimodzimodzi. Manda onse a Makanjira anathera pakhonde pathu! Abambo ako anandituma kukagula sanda yodzawaikira m'manda, bawo lawo n'kupatsa Che Atumani, mnzawo uja akhala akukangana naye chichokereni ku jando.

Che Atumani sanati pepani ayi. Anakalengeza padoko kuti mnzawo Uladi wapereka bawo chifukwa watopa n'kudyedwa, zamtimazo n'zonamizira. Atamva, abambo ako anaitanitsa kofia ndi ndodo. Anayenda mopumirapumira, koma anakafika kwa Che Atumani n'kukhalira bawo. Anadyedwa, n'kubwera akulalata njira yonse, ati mnzawoyo amabera. Tsiku limenelo mpunga anamaliza mbale yonse. Ine ndinakalirira kuseri kwa nyumba chifukwa cha chimwemwe.

Tsono ndikupemphe, mwanawe. Ukaimba foni usiye mawu ako a pamaliro aja, chifukwa ukangodula amatembenukira kukhoma. Uziwafunsa kuti lero mwadyedwa kangati, uwaseke ndithu.

Dzulo anandiuza kuti sanda ija ndiikankhire pansi pa sutikesi, iwo sapita kulikonse asanamugonjetse Atumani. Mankhwala akumwa okha osakumbutsidwa. Ine ndagwira tambala wathu wofiira uja, ndakawapatsa Che Atumani n'kuwagwadira kuti chonde asayerekeze kugonja. Anati ndisade nkhawa, apitiriza kubera mpaka Allah adzakane yekha. Ankanena akuseka, koma akupukuta maso ndi kofia.

Allah akusunge. Undiperekere moni kwa Ajira ndi ana.

Ndine mayi ako,
Hidaya Abiti Jaffalie