Pepala la Wamanzere

Lolemba, 9 Malichi

Analipo: ine, akalipentala anga asanu, ndi mayi wina wochita kafukufuku. Akufufuza za amuna oonera zolaula pafoni, ndi mmene amaganizira za akazi. Aliyense anayankha papepala popanda kulemba dzina. Mapepala aponyedwa m'bokosi lokhoma, limene ndilisunge mpaka Lachinayi. Ndalonjeza kuti palibe amene adzawerenge.

Lachiwiri, 10 Malichi

Pepala limodzi linatsakamira pakamwa pa bokosi. Pofuna kulikankhira mkati, ndinalisolola. Lachongedwa chobwerera, monga achongera amanzere. Wamanzere pano ndi mmodzi yekha, mkamwini wanga, amene adakwatira chitsiriza wanga.

"Mumaonera kangati?" Tsiku lililonse. "Mkazi akakana mwamuna wake, n'koyenera kumumenya." Ndikuvomereza kwambiri.

Sukulu ndidalekera Sitandade 3, choncho ndinawerenga katatu. Sindinalakwitse.

Lachitatu, 11 Malichi

Masana akalipentala anaunjikana pa foni ya mkamwini kuseri kwa matabwa. Wina anandikuwira: "Madala, bwerani mudzaone, magazi ayendeko!" Anaseka onse. Ndinamva mkamwini akuti, "Akazi amazifuna zimenezi, kulirako n'kunamizira." Atandiona anaimirira n'kuvula chipewa. "Mwaswera bwanji, apongozi?"

Ulemu wake sudasowepo. Hamala inandigwa m'manja kawiri.

Lachinayi, 12 Malichi

Mayi uja anabwera kudzatenga bokosi. Sindinaulule zimene ndidachita. Ndinangofunsa ngati woyankha zoipa amachitadi zoipazo.

"Bambo, ife timaona za anthu ambiri pamodzi. Za mmodzi sindinganene. Ngati pali amene mukumuopera, mufunseni mwiniwakeyo ali yekha."

Amayi ake a chitsiriza wanga akadakhala moyo, akadamufunsa ndi iwo. Ine sindidziwa poyambira.

Lachisanu, 13 Malichi

Sindinadye.

Loweruka, 14 Malichi

Ndinamuitana mwana wanga uja kuti adzandisokere mabatani a jekete. Anabwera atakulunga mpango m'khosi, kukutentha chotere. Anasoka mabatani atatu. Pa batani lachinayi ndinafunsa.

"Mwanawe, kunyumba kuli mtendere?"

Singano inaima. Sanandiyang'ane.

"Ababa, chipinda changa chija mudaikamo matabwa?"

Ndinati inde.

"Ndi ambiri?"

Ndinati si ambiri.

Mawa kukacha ndichotse matabwa onse m'chipindamo, ndikhome chitsulo chotsekera mkati mwa chitseko, kenaka ndikamutenge ndekha.