Kamuvi ka Mphepo

Lirangwe
14 Okutobala 2023

Okondedwa achimwene a Christmas,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi mwana. Kuno tilipo, kungoti kutentha kwanyanya.

Nellie, mayi wa kunyumba kuno, wandiuza kuti munaimba foni kufunsa ngati mwandilakwira, poti masabata atatu sindinaoneke pa gemu yathu ya gofu ya pafoni. Simunandilakwire. Wolakwa ndine, ndipo pakamwa ndikanalephera kunena, n'chifukwa chake ndalemba. Musadabwe zilembo kukula.

Mukukumbukira tikunyamulira mabwana zikwama za gofu ku Blantyre, ndine ndinakuphunzitsani kuthothola udzu n'kuuponya m'mwamba kuti mudziwe kolowera mphepo. Mutanditumizira foni ija kuti tizisewera Lamulungu lililonse, ndinasangalala ngati mwabwera nokha. Koma chiyambire mwezi wa Juni kamuvi kosonyeza mphepo ka pakona ya gemu kaja sindikukaona. Ndimangoona utsi.

Ndinapita ku Chileka kwa a Mwanahawa okonza mafoni aja kuti foni yawonongeka. Anaiyang'ana, kenako anayang'ana ine.

"A Isaki, foniyi ili bwinobwino. Chofunika kukonza ndi mwini wake."

Ndinawachonderera, basi anandiikira kapulogalamu kowerengera. Kamakhala pamwamba pa gemu, kamawerenga kokha mphepo ndi mtunda, n'kulemba nambala yaikulu ngati ya pa minibasi: sendeza mizere itatu kumanzere. Ine kwanga kunali kusendeza n'kumenya. Anandichenjeza ndithu kuti, "Eni gemu akakugwirani musadzanditchule, madala."

Ndiye masabata onse aja ndinkakupambanani, inu n'kumati, "Akulu aja mphepo amainunkhiza," sindinali ine. Mawu amenewo ankandikoma, komanso ankanditsutsa mumtima. Tsiku lina ndinaphonya dala kawiri kuti mupambaneko, ndiye munandiseka sabata yonse. Tsopano eni gemu anazindikira, ananditsekera akaunti. Manyazi anandigwira, n'chifukwa chake ndinasowa.

Kuchipatala akuti ndi ng'ala, maso onse awiri. Akuti adzandichita opaleshoni, kuyamba ndi lakumanja pa 6 Novembala. Aliyense akuti ndi kanthu kakang'ono, ngakhale a Ajibu a ku Mdeka anachitidwa ndipo pano akuwerenga nyuzi. Koma ine mumandidziwa. Ndimaganiza kuti nanga dzanja la dokotala likadzanjenjemera? Nanga magetsi akadzazima ali pakati? Nellie akuti ndimadandaula ngakhale za mvula ya chaka chamawa.

Pempho langa ndi limodzi. A Mwanahawa anditsegulira akaunti ina, yopanda kapulogalamu kaja. Dzina lake ndi Isaki Lirangwe. Lamulungu 3 koloko ndidzakhala pansi pa mtengo wa mango paja pamagwira netiweki. Ngati simunakwiye, mundiitane. Mipira yanga idzagwera m'madzi ndi mumchenga, musandimvere chisoni. Koma mukafuna, muziimba foni tikusewera, muzindiuza kolowera mphepo. Paja udzu ndinakuponyerani ndine, pano ndi nthawi yanu.

Mukapanda kundiitana ndidzamvetsa. Ndidzadikirabe mpaka 5 koloko.

Moni kwa alamu. Moni kwa Tiyamike, amene ndamva kuti wayamba kuyenda. Mumujambule pafupi, nkhope yokha idzaze foni yonse, ndipo mutumize isanafike 6 Novembala.

Ndine mkulu wanu,
Isaki