Ndani Ankagona M'nyumba Yathu ya Alendo?

Lolemba, 2 Juni

Ndafika. M'makutu mukulirabe ndege. Chaka chino kukonzekera nyengo ya alendo kwagwera ine, poti Bambo, amuna anga, madokotala angowang'amba kumene bondo, sangakwere masitepe. Chondidabwitsa, munthu wosatha kuyendayo ndiye analimbana nane kwambiri kuti ndisabwere. Ati tilembe kampani yoyeretsa. Ati kuwoloka nyanja kukutopetsa, mayi. Anayamba liti kundimvera chisoni chonchi?

Nyumba yathu ya alendoyi inatsekedwa mu Okutobala alendo omaliza atapita. Ndimayembekezera fungo la chinyezi, akangaude, mphemvu zofa chagada. Ayi ndithu. Mazenera akutseguka osalimba. Maluwa a m'miphika pakhonde ali biriwiri. Kodi maluwa amadzithirira okha?

Lachiwiri, 3 Juni

Makatani ndachapa, matiresi ndayanika padzuwa, msana ngati wobwereka. Gasi wa kukhitchini watsala pang'ono kutha, chonsecho B., amuna angawo, anati anasiya wodzaza. Posesa kunsi kwa bedi la m'chipinda chaching'ono ndatulutsa kasokosi kachikasu, kotalika ngati chala changa. Kuseri kwa chitseko khoma lakhwatchidwakhwatchidwa ndi kirayoni, m'munsi, pofika m'bondo mwanga.

Ndawaimbira. "Alendo a chaka chatha amenewo, mayi." Yankho linatuluka msanga, ngati analiika kale m'thumba.

Lachitatu, 4 Juni

Kunabwera pulambala kudzaona mpopi wa kubafa. Bambo wocheza, ndudu kuseri kwa khutu. Akugwiragwira mpopiwo akuti, "Uwutu ndinaukonza mu Febuluwale, mayi aja atandiitana." Ndati mayi ati? Anandiyang'ana, n'kuyang'ana sipanala yake ngati ndiyo yalankhula. Akuti mwina wasokoneza ndi nyumba ina. Nyumba ina, koma pomwe amatsekera madzi anapitapo molunjika osafunsa.

Sindinadye masana. Ndinangokolopa, malo amodzimodzi kubwereza.

Lachinayi, 5 Juni

Kuli mayi wina woyandikana nafe, ndimangowatchula kuti Mayi Khonde chifukwa sachoka pakhonde pawo. Lero ndawapititsira mandimu a mumtengo wathu, dala. Sindinavutike n'kufunsa.

"Kamwana kaja tikukasowa bwanji! M'mawa uliwonse kankabwera pampanda kudzaitana galu wanga." Akuti mtsikana ndi mwana wake akhala muno nyengo yonse yozizira ya kunoko, achoka sabata yathayi, katundu m'zikwama ziwiri. Mtsikana waulemu, wosachezacheza. Ndafunsa ngati amuna anga ankawadziwa. Anaseka mpaka kugwira pachifuwa. "Kuwadziwa? Mu Malichi si ankakanyamula pamapewa kamwanako kupita nako kusitolo! Mphuno ndi yawo yomwe, osachita kufunsa." Kenako anaona nkhope yanga, n'kuyamba kuyamikira mandimu.

Mu Malichi. Ulendo uja ankati akukakonza denga. Ndakwera pamakwerero kukaona: malo odontha ali pomwe analili, siling'i yachita kuda.

Imvi zonse zija. Bondo lomwe ndakhala ndikulithowa ndi madzi otentha m'mawa ndi madzulo, kani linatha ndi kunyamula mwana wa kunjira.

Lachisanu, 6 Juni

Alendo oyamba afika Lamlungu, banja ndi ana awo. Ntchito siyembekeza mtima wa munthu. Ndagula gasi, mababu, sopo, matawulo atsopano chifukwa akale aja sindikufuna kuwaona. Makapu ndawatsuka ndi madzi owira ngati munamwera wodwala. Ndikagwira chilichonse ndikumadzifunsa kuti iye anachigwira? Pabedi lalikulu ndasintha ndi pilo yemwe.

Masana ndinaitana wokonza maloko, wasintha loko wa chitseko chakumaso ndi chakuseri. Ndiye ndinawaimbira B., ndikuti ndingowauza za malokowo ndimve mpweya wawo. "Mwasintha? Bwanji osandifunsa?" Basi pamenepo ndinaphulika. Zomwe ndanena sindilemba muno. Iwo amangoti mayi, mayi, tamverani, si momwe mukuganizira. Ndati ndiye ndi motani? Akuti analonjeza munthu kuti sanena.

Analonjeza munthu! Ine pa ukwati paja anandilonjeza chiyani? Ndadula. Aimbanso kangapo, foni ndaivundikira ndi pilo.

Loweruka, 7 Juni

Ndilembe zonse ndisanagone.

M'mawa ndikupukuta magalasi a pabalaza ndinamva kiyi ikulowa pachitseko. Kutembenuza, kukana. Kutembenuzanso. Ndati wabwera mwini nyumba. Ndinatenga mopu, sindikudziwa kuti ndimati ndichite nayo chiyani, ndi kutsegula mwamphamvu.

Mzime. Mwana wanga womaliza, amene anachoka pakhomo zaka zapitazo kutsata woimba gitala uja, titakangana mpaka ine kunena kuti dzina lake lisamvekenso m'nyumba mwanga. Waonda. Tsitsi wameta. M'chiuno ananyamula kamtsikana, chala m'kamwa.

"Amayi, adadi andiimbira. Akuti mwawalalatira mpaka magazi athamanga."

Ndinangoima, mopu ili m'manja. Iye akuti tingalowe, kapena tiyankhulire pano? Ndinapatuka.

Tinakhala kukhitchini. Wa gitala anamuthawa mwana asanayambe kukwawa. Lendi itamukanika anaimbira bambo ake, iwo n'kumutumizira tikiti ndi kiyi. Ndiye anawalumbiritsa kuti asandiuze. Panopa wapeza ntchito yochapa kuhotela, akukhala m'kachipinda pamwamba pa sitolo ya matayala. Ndafunsa chifukwa chake sanandiimbire ine. Akuti, "Mukanayankha?" Ndinanyamuka kukadula buledi.

Mphuno ndi ya agogo ake aamuna, zoona. Mayi Khonde sananame. Koma kuyang'ana kwa m'mbali kuja, koyeza munthu kuyambira kumapazi, ndakudziwa kochokera.

Sitinakumbatirane. Ndinawapatsa tiyi ndi buledi. Kamwanako kanakana kulandira m'manja mwanga, kanadikira amayi ake. Atapita ndinakhala pamasitepe nthawi yaitali. Mtima sunakhale pansi ayi. Miyezi yonseyi anthu awiri akundizungulira ngati dzenje la pamsewu, wina ndikugona naye bedi limodzi. Ndi chiyani china chomwe sindikudziwa? B. sindinawaimbire. Ayambe auona.

Lamlungu, 8 Juni

Mzime anabwera m'mamawa osaitanidwa, akuti lero sali pantchito. Anangovula nsapato n'kuyamba kuyala mabedi. Amapinda makona a nsalu mwa kuhotela, ine ndimapinda mwanga, tinatsala pang'ono kuyambana pa bedi la alendo. Akuti ketulo imazima yokha mukapanda kuigwirizira, muwauze alendo. Ndati ndikudziwa. Sindimadziwa.

Kamwana kankangotitsata chipinda ndi chipinda, kenako kanayamba kulira ndi tulo pamene amayi ake ali m'bafa manja ali thovu lokhalokha. Ndinatenga tawulo limodzi latsopano lija n'kukabereka. Kanalimbalimba, kundimenya ndi tizidendene, mpaka mutu unagwera pamsana panga. Kolemera kuposa maonekedwe.

Takisi ya alendo inafika ndisanakatsitse. Ndinawalandira choncho, makiyi m'manja, mwana kumbuyo. Ndinawaonetsa gasi, tsiku lotulutsa zinyalala, ketulo yofuna kugwirizira. Mayi wa alendowo anasuzumira kumsana kwanga n'kufunsa monong'ona, kuopa kudzutsa, "Mdzukulu wanu?"

"Eya," ndinatero. "Wa mwana wanga womaliza. Uyo ali apoyo."

Mzime anali pakhomo la bafa atanyamula ndowa. Anaiika pansi, n'kulowanso m'bafamo, n'kutsegula mpopi mwamphamvu.